A Franklin Roosevelt, mtsogoleri amene anapatsa anyamata osowa nchito fosholo ndi mbande

Nthawi ya masankho ikafika, palibe cipani cimene cimaiwala kulonjeza nchito kwa acinyamata. Lonjezoli ndi lakale ndipo si la kuno kwathu kokha, koma atsogoleri amene analikwaniritsa mooneka ndi maso ndi owerengeka. Mmodzi wa iwo ndi a Franklin Delano Roosevelt, amene analamulira dziko la America kuyambira mu 1933 mpaka imfa yao mu 1945. Pa miyezi itatu cabe boma lao linacotsa anyamata 250,000 m'miseu ndi kuwaika pa nchito yobzala mitengo ndi kuteteza nthaka. Lero tiyeni tione moyo wao, zimene anakhoza ndiponso zimene zinawakanika, pakuti ambiri a ife tili ndi ana amene anamaliza sukulu koma akali pakhomo, dzuwa kutuluka, dzuwa kulowa.

Mwana wa m'nyumba yolemera

A Roosevelt anabadwa pa 30 Januwale 1882 ku Hyde Park m'cigawo ca New York, pa famu yaikulu ya makolo ao m'mbali mwa mtsinje wa Hudson. Atate ao, a James Roosevelt, anali ndi cuma m'makampani a njanji ndi a malasha, ndipo amai ao, a Sara Delano, anacokeranso ku banja lolemera. Njala sanaidziwe, ndipo zoyenda khomo ndi khomo kufunsira nchito sanazionepo. Anaphunzira pa sukulu ya ana a olemera ya Groton, kenaka ku yunivesite ya Harvard, ndipo zamalamulo anakaphunzira ku Columbia. Mu 1905 anakwatira a Eleanor, mwana wa mng'ono wao wa Pulezidenti Theodore Roosevelt. Asanakwatirane, a Eleanor anali kuphunzitsa ana a osauka m'makomboni a mzinda wa New York, ndipo ndiwo anayamba kuonetsa a Franklin nyumba zamdima m'mene banja lathunthu linali kugona m'cipinda cimodzi.

Mu 1910 anasankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ya cigawo ca New York, ndipo anaikidwa kukhala wapampando wa komiti yoona za nkhalango. Udindowu unawayenera, pakuti mitengo anali kuikonda kuyambira ubwana. Nthaka ya pa famu ya Hyde Park inali itaguga cifukwa colimidwa zaka zambiri osaipumitsa. Kuyambira mu 1912 anayamba kubzalapo mbande zikwizikwi caka ndi caka, ndipo pofika nthawi ya imfa yao anali atabzala mitengo pafupifupi theka la miliyoni. Akapita kukaponya voti, olemba maina akawafunsa nchito yao, anali kuyankha kuti ndi mlimi wa mitengo, ngakhale pamene anali kale pulezidenti. Kuyambira mu 1913 mpaka 1920 anali waciwiri kwa nduna yoyang'anira asilikali a pamadzi.

Poliyo ndi kugwa kwa cuma

Mu Ogasiti 1921, ali ndi zaka 39, anadwala mwadzidzidzi akupuma pa cisumbu ca Campobello. Madokotala anati ndi poliyo. Miyendo yonse iwiri inapuwala, ndipo sanathenso kuyenda popanda zitsulo zomangirira miyendo, ndodo ndi munthu wowagwiriziza. Amai ao anafuna kuti asiye ndale akapume ku famu, koma a Eleanor anawalimbikitsa kuti asafooke. Mu 1924 anayamba kupita ku Warm Springs m'cigawo ca Georgia, kumene kuli akasupe a madzi ofunda, kukayesa kulimbitsa miyendo. Miyendoyo sinacire, koma kumeneko anaona zimene ku Hyde Park kunalibe: alimi a thonje osauka, akuda ndi oyera omwe, olima minda ya eni, okhala m'nyumba zopanda magetsi, pa nthaka yodzala ndi zigwembe. Anali kuyendetsa okha galimoto yokonzedwa kuti iziyenda ndi manja okha, namaima m'minda kuceza ndi alimiwo.

Mu 1928 anasankhidwa kukhala bwanamkubwa wa cigawo ca New York. Caka cotsatira, mu Okutobala 1929, msika wa masheya unagwa, ndipo cuma ca maiko ambiri cinagwa nao. Mabanki zikwizikwi anatsekedwa pamodzi ndi ndalama za anthu, ndipo mafakitale anacotsa anchito. Cimanga cinachipa kotero kuti alimi ena ku Iowa ndi ku Nebraska anali kusonkhezera naco moto m'malo mogula malasha. Vutoli linafika ndi kuno: mtengo wa kopa utagwa, migodi ya Bwana Mkubwa, Nchanga ndi Mufulira inaima mu 1931, ndipo ciwerengero ca anthu akuda ogwira nchito kumigodi cinatsika kucoka pa anthu pafupifupi 30,000 mu 1930 kufika pa 7,000 mu 1932. Ambiri anabwerera kumudzi cimanjamanja.

Ku America komweko, kumayambiriro kwa 1933, munthu mmodzi mwa anai alionse ofuna nchito analibe nchito, anthu okwana mamiliyoni 13. Acinyamata ndiwo anapwetekeka koposa, pakuti bwana amene akucotsa anchito akale sangalembe mwana amene sanagwirepo nchito. Anyamata ndi atsikana pafupifupi 250,000 anacoka pakhomo kuti cakudya cocepaco cikwanire ang'ono ao, namakwera mozemba sitima za katundu, kugona m'mbali mwa njanji ndi kupemphetsa. Pulezidenti wa nthawiyo, a Herbert Hoover, anali kukhulupirira kuti kudyetsa osauka ndi udindo wa machalichi, mabungwe acifundo ndi maboma a m'zigawo, osati boma lalikulu. A Roosevelt anaganiza mosiyana. Mu 1931 anali atakhazikitsa kale ku New York bungwe la boma lothandiza osowa nchito, ndipo cigawo cao cinali kugula minda yosiyidwa ndi kulemba anthu obzalamo mitengo. Pocita kampeni mu 1932, pa msonkhano wa ku Detroit, anawerengera anthu mau a m'kalata ya Papa Pius XI ya mu 1931 yonena za cuma ndi anchito, ngakhale iwo anali a mpingo wa Episcopal. Mu Novembala anapambana m'zigawo 42 mwa zigawo 48.

Lamulo la masiku khumi

Analumbira pa 4 Marichi 1933. Pa 21 Marichi anatumiza ku nyumba ya malamulo pempho lokhazikitsa gulu la anyamata loteteza nkhalango ndi nthaka, ndipo pa 31 Marichi linali kale lamulo. Gululi linachedwa Civilian Conservation Corps, mwacidule CCC. Msasa woyamba unatsegulidwa pa 17 Epulo m'nkhalango ya George Washington ku Virginia. Pofika pa 1 Julayi panali misasa yoposa 1,400 ndi anyamata 250,000.

Nzeru yao inali yapafupi. Dziko linali ndi anyamata opanda cocita, linalinso ndi nthaka yopanda woisamala, ndipo zonse ziwiri zinali kuonongeka. A Roosevelt anazikumanitsa. Liwirolo linatheka cifukwa sanayambe ndi kumanga unduna watsopano. Anagawa nchito kwa maunduna anai amene analipo kale. Unduna wa zanchito, wotsogozedwa ndi mai Frances Perkins, mkazi woyamba kukhala nduna m'dzikolo, unali kusankha anyamata kudzera m'maofesi othandiza osauka. Asilikali anali kuwapima thupi, kuwanyamula, kumanga misasa, kuwadyetsa ndi kuwalipira. Unduna wa zamalimidwe ndi unduna woyang'anira malo a boma ndiwo anali kusankha nchito yoti igwiridwe ndi kupereka akapitao.

Poyamba anali kulemba anyamata osakwatira a zaka 18 mpaka 25 ocokera m'mabanja osauka. Pambuyo pake malire anakhala zaka 17 mpaka 28. Munthu anali kulowa mwa kufuna kwake, kwa miyezi 6, ndipo akafuna anali kuonjezera mpaka zaka ziwiri. Malipiro anali madola 30 pa mwezi, kuphatikiza cakudya, zobvala, pogona ndi mankhwala. Koma pa madola 30 amenewo mnyamata anali kulandira m'manja madola 5 okha. Madola 25 boma linali kutumiza lokha kwa makolo ake. Apa ndiye panagona nkhani. Mnyamata mmodzi pa msasa anali kudyetsa banja lonse kunyumba, ndipo ndalamazo zinali kukathera m'masitolo a m'midzi ndi m'matauni ang'onoang'ono kumene malonda anali atafa. Pa zaka 9 za gululi, ndalama zotumizidwa kwa makolo zinapitirira madola mamiliyoni 600. Mwana amene dzulo anali mtolo anasanduka mzati wa pakhomo.

Otsutsa sanasowe. Mtsogoleri wa mabungwe a anchito, a William Green, anadandaula kuti dola imodzi pa tsiku idzatsitsa malipiro a anchito onse, ndiponso kuti kupereka ana m'manja mwa asilikali ndi njira ya maboma ankhanza. A Roosevelt sanakangane nao nthawi yaitali: anasankha mtsogoleri mnzao wa mabungwe a anchito, a Robert Fechner, kukhala mkulu wa CCC. Anthu okhala pafupi ndi nkhalango anadandaulanso kuti alendo abwera kudzawalanda nchito pakhomo pao. Boma linayankha polemba amuna a komweko odziwa chire, pafupifupi 25,000, kuti aziphunzitsa anyamatawo kugwira nkhwangwa ndi sowo.

Moyo wa pa msasa ndi nchito imene inagwiridwa

Msasa uliwonse unali ndi anyamata pafupifupi 200. Lipenga linali kulira m'mamawa, nchito inali ya maola 40 pa sabata, ndipo cakudya cinali katatu pa tsiku. Ambiri anafika ataonda ndi njala, ndipo ananenepa m'miyezi yoyamba. Madzulo kunali makalasi a kuwerenga, masamu, ukalipentala, umakaniki, kuyendetsa malole ndi kutaipa. Anyamata oposa 40,000 amene anafika osadziwa kulemba dzina lao anaphunzira kuwerenga ndi kulemba kumeneko. Mu 1935 gululi linafika pacimake, ndi anthu theka la miliyoni nthawi imodzi. Onse pamodzi, amuna mamiliyoni 3 anadutsamo. Mmodzi wa amene anagwirako nchito yotsogolera anzao mu 1935 anali Norman Borlaug, amene pambuyo pake anapanga mbeu za tirigu zobereka kwambiri ndi kulandira mphoto ya Nobel mu 1970.

Nchito yao ikuonekabe mpaka lero. Anabzala mitengo pafupifupi mabiliyoni 3. Analambula miseu ya m'nkhalango ya mamailosi oposa 100,000, anamanga nsanja zoposa 3,000 zoonerapo moto wa m'chire, anamanga maulalo ndi kukonza mapaki mazanamazana.

Alimi tiyenera kumvetsetsa mbali ina ya nchitoyi. M'zaka zomwezo cilala cinagwa m'zigwa zazikulu za pakati pa America, kumene alimi anali atagaula udzu wonse wacilengedwe kuti alime tirigu. Mvula itakana, mphepo inanyamula nthaka ya pamwamba. Pa 14 Epulo 1935 fumbi linaphimba dzuwa masana ku Oklahoma ndi ku Texas mpaka anthu osaonana. Mwezi womwewo boma linakhazikitsa nthambi yoteteza nthaka pansi pa katswiri Hugh Bennett, ndipo misasa mazana angapo ya CCC inaperekedwa ku nchitoyi. Anyamata anali kulowa m'minda ya alimi amene avomera, kupima migula yotsata kupendeka kwa malo, kutseka zigwembe ndi timadamu ta miyala ndi mitengo, ndi kubzala udzu pamene madzi amathamanga. Mlimi woyandikana naye akaona kuti munda wa mnzake wasunga madzi, anali kupita yekha kukapempha. Kucokera ku North Dakota mpaka ku Texas kunabzalidwanso mizere ya mitengo yochinga mphepo, mitengo yokwana mamiliyoni 220 pofika mu 1942, ndipo CCC inathandizako.

Pamene panalakwika

Mbiri yoona sibisa zipsera. Coyamba, atsikana anasiyidwa kunja. CCC inali ya amuna okha. A Eleanor anakakamiza kuti kukhale misasa ya akazi, koma imene inatsegulidwa inathandiza akazi pafupifupi 8,500 cabe, pamene amuna anali mamiliyoni 3.

Caciwiri, tsankho. Phungu mmodzi yekha wakuda amene anali m'nyumba ya malamulo nthawiyo, a Oscar De Priest, anaonjezera m'lamulolo ndime yoletsa kusankha anthu cifukwa ca khungu. Komabe m'zigawo zakumwera olemba maina anali kukankhira pambali anyamata akuda, ndipo mu 1935 a Fechner analamula kuti akuda ndi oyera azikhala m'misasa yosiyana. A Roosevelt, pofuna kusunga mavoti a aphungu akumwera, sanaletse. Anyamata akuda oposa 200,000 analowamo ndithu, koma ocepa kwambiri anapatsidwa ukapitao. Maudindo ena a ukapitao analinso kugawidwa potsata makalata a aphungu a cipani colamula.

Malamulo ena a boma lao anapweteka osauka amene anafunika kuthandizidwa. Pofuna kukweza mtengo wa zokolola, mu 1933 boma linalipira eni minda kuti acepetse kulima, ndipo nkhumba mamiliyoni 6 zinaphedwa anthu ali ndi njala. Eni minda ambiri analandira ndalamazo ndi kupitikitsa mabanja amene anali kuwalimira thonje. Lamulo la penshoni la mu 1935 linasiya kunja anchito a m'mafamu ndi a m'nyumba. Ndipo mu 1942, nkhondo ili mkati, a Roosevelt anasaina lamulo limene linatsekera m'misasa anthu pafupifupi 120,000 a mtundu wa Cijapani okhala ku America, ambiri a iwo nzika zobadwira komweko, popanda mlandu.

Pofuna kufikira amene CCC inawasiya, mu Juni 1935 anakhazikitsa bungwe lina, National Youth Administration, la anyamata ndi atsikana a zaka 16 mpaka 25. Linali kupatsa ana a sukulu ganyu ya maola ocepa kuti asaleke maphunziro, ndi kuphunzitsa luso la manja amene analeka kale. Mai Mary McLeod Bethune, mphunzitsi wakuda, anatsogolera nthambi yoona za acinyamata akuda. Bungweli linathandiza acinyamata oposa mamiliyoni 4 lisanatsekedwe mu 1943. Mu 1938 kunabweranso lamulo loika malipiro ocepetsetsa pa masenti 25 pa ola ndi kuletsa kulemba ana aang'ono nchito m'mafakitale ndi m'migodi.

Kodi ulova unatha?

Yankho loona ndi lakuti misasa sinathetse ulova. Pa anthu 100 alionse ofuna nchito, osowa nchito anatsika kucoka pa 25 mu 1933 kufika pa 14 mu 1937. Caka cimeneco a Roosevelt, poopa ngongole, anacepetsa ndalama zimene boma linali kuononga, ndipo mu 1938 ciwerengero cinakweranso kufika pa 19. Anapempha aphungu kuti CCC ikhale yamuyaya, koma anakana. Ulova unatha pamene nkhondo yaciwiri ya dziko lonse inatsegula mafakitale ndi kutenga anyamata mamiliyoni kupita ku usilikali. Pofika mu 1944 osowa nchito anali osakwana 2 pa 100. Anyamata ofuna kulowa m'misasa atacepa, nyumba ya malamulo inaleka kupereka ndalama ku CCC mu Juni 1942.

Nanga phindu lake linali ciani? Mu 2020 akatswiri a zacuma ku America anafalitsa zimene anapeza atatsata moyo wa amuna zikwizikwi amene analowa m'gululi ku Colorado ndi ku New Mexico. Anapeza kuti kukhalitsa pa msasa sikunathandize kwenikweni mnyamata kupeza nchito atangotuluka. Koma amene anakhalitsa anali ndi thanzi labwino, anapeza ndalama zoculukirapo pa moyo wao wonse, ndipo anafa ali okalambako kuposa anzao amene anatuluka msanga. Ndiko kunena kuti msasa sunapatse mnyamata nchito ya moyo wonse, koma unamusunga wamphamvu ndi wozolowera kudzukira nchito kufikira nthawi imene nchito zinapezeka. Mmera mpoyamba, anatero akale.

A Roosevelt anasankhidwa kanai, mu 1932, 1936, 1940 ndi 1944, cinthu cimene mtsogoleri wina aliyense wa dzikolo sanacitepo, ndipo malamulo a tsopano salola kupitirira kawiri. Anamwalira pa 12 Epulo 1945 ku Warm Springs, ali ndi zaka 63, kutatsala milungu yocepa kuti nkhondo ithe ku Ulaya. Anaikidwa m'manda ku Hyde Park, pa famu imene anaidzaza ndi mitengo.

Cimene titolepo

Ifenso maganizo otere si acilendo kwa ife. M'zaka za m'ma 1970 boma la UNIP linatsegula misasa ya Rural Reconstruction pansi pa Zambia National Service, ndipo omaliza Fomu 5 anali kupita ku National Service mokakamizidwa. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo mbali ina inaikidwa kuti ilipirire acinyamata maphunziro a luso la manja. Maina a mapulogilamu amasintha, koma mafunso amene mbiri ya a Roosevelt itiphunzitsa kufunsa ndi omwewo.

Conco makolo anzanga, akabwera a boma kapena ofuna mavoti kudzanena za nchito za ana athu, tisathamangire kuomba m'manja. Tiwafunse tsiku limene nchitoyo idzayamba, pakuti ku America kucoka pa pempho kufika pa msasa woyamba sipanathe mwezi. Tifunse kuti mwana adzalandira zingati, ndipo ndani adzaonetsetsa kuti ndalamazo zafikadi. Tifunse amene adzalemba maina, ndiponso ngati mtsikana, mwana wamasiye ndi mwana wa munthu wa cipani cina adzalowamo. Tifunse cimene cidzatsala m'mudzi nchitoyo ikatha: damu, mseu wopita ku msika, nazale ya mitengo kapena migula m'minda. Ndipo tifunse kumene mwanayo adzapita miyezi 6 ikakwana, ngati adzatuluka ndi luso ndi zipangizo kapena adzangobwerera pakhonde pomwe anacoka.

Mapiri amene makala anawameta tikuwaona, ndipo zigwembe zimene zikudya minda yathu caka ndi caka tikuzidziwa. Ana oti agwire nchitoyo ali m'nyumba zathu. Pa msonkhano wotsatira wa komiti ya citukuko ya m'wadi mwanu, pitani, mutenge ndi mwana wanuyo, ndipo mukafunse kuti pa ndalama za caka cino ndi zingati zaikidwa pa nchito yotere.